Matope a Lero

Panali munthu wina, mmisiri, mumzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere, kutsidya kutali uko. Ndi kalekale, masiku amene anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, ndipo khoma la tchalitchi ndilo linkawaphunzitsa. Munthu ankalowa kukapemphera, n'kukweza maso, n'kupeza nkhani yonse ili pakhoma. Dzina la mmisiriyo linali Agapito. Musaseke, kwawoko mayina ndi omwewo.

Ntchito yake inali yojambula zithunzi m'makoma a matchalitchi, koma osati ndi utoto ayi. Iye ankajambula ndi timiyala. Ankatenga miyala yamitundumitundu ndi magalasi, n'kuziswa ndi kahamala mpaka zikhale tizidutswa tating'ono ngati chikhadabo. Tina tofiira psuu, tina tobiriwira, tina toyera mbee, tina tokutidwa ndi golide. Kenaka ankamata khoma ndi matope a njereza, n'kumabaya timiyalato m'matopemo, kamodzikamodzi, mpaka patuluke nkhope ya munthu, kapena nkhosa, kapena mtengo. Ukaima pafupi unkangoona timiyala. Ukabwerera m'mbuyo, si uyo munthu akukuyang'ana!

Ntchito imeneyi inali ndi lamulo limodzi, ndipo amisiri muli munomu mulimvetsa msanga. Matope a njereza sachedwa kuuma. Ukawamata m'mawa, pofika madzulo ali gwa, ndipo kamwala kamene wakakamiza pouma kamangonamizira kugwira. Ndiye mmisiri aliyense ankamata pongokwanira ntchito ya tsiku limenelo basi. Pamene pakubwera nkhope, malo ake ankangokhala ngati lichero. Pamene pakubwera thambo kapena udzu, mwina okulirapo pang'ono. Khoma likule ngati munda, iwe pako m'pamene wamata leropo. Madzulo ankadula matope otsala m'mphepete n'kutaya, kuti mawa adzamate ena atsopano.

Agapito sankagwira yekha. Anali ndi mkazi wake, dzina lake Yufemiya, ndipo diso la mitundu linali la mayiyo. Ine ndi inu tikaona chofiira timati chofiira, nkhani yatha. Yufemiya ankaona chofiira cha magazi, chofiira cha dothi, chofiira cha tsaya la mwana amene wangodzuka kumene. Chikwatirane, ana ali aang'ono mpaka anakula n'kupita kwawo, malo ake anali pansanja ya matabwa, pambali pa mwamuna wake, timbale ta timiyala titamuzungulira. Agapito ankangotambasula dzanja osacheuka n'kuti, "Wa pamphumi, mayi." Kamwala n'kufika m'dzanja, komweko kamene ankafuna.

Dzuwa likafika paliwombo ankaika zida pansi. Ankakhala m'mphepete mwa nsanja miyendo ili lende, n'kumadya buledi ndi nsomba zouma, akukangana za kamwala kamene mmodzi akuti kakhala bwino, wina akuti kapendekeka. Sanali olemera. Koma mukanawaona pamwamba paja, mukanati anthu awa zinthu zawayendera ndithu.

Munthu wachitatu pantchitoyo anali mlongo wake wa Yufemiya, mwamuna wamkulu kale, waimvi. Iyeyu ndiye ankakanda matope pansi n'kumawakweza ndi chingwe. Anali munthu wapakamwa, wosasunga mawu m'mimba, koma matope ake sankalakwika.

Moyo wawo wonse anakongoletsa timatchalitchi ta kumidzi ndi pansi pa nyumba za anthu achuma. Atayamba kukalamba m'pamene inabwera ntchito imene ankailota. Mumzindamo anamanga tchalitchi chachikulu, ndipo akuluakulu a mpingo anapatsa Agapito khoma la kutsogolo, la pamwamba pa guwa, lokhota ngati m'kati mwa mbale. Anati pamenepo pakhale Mbusa Wabwino atasenza kamwana ka nkhosa pamapewa, kumbuyo kwake thambo la golide, kumapazi kwake udzu ndi maluwa.

Tsiku loyamba awiriwo anaima pakhomo la tchalitchi n'kuyang'ana khoma lopanda kanthulo. Agapito anati, "Mayi, tikadzamaliza, nsanja yonseyi atachotsa, tidzaima pompano awiriwiri. Tidzamuona Mbusa yense, kuyambira kumutu mpaka kumapazi."

Yufemiya anati, "Tidzaima, bambo. Koma lero tiyeni tikwere."

Anayambira pamwamba, monga amachitira amisiri. Thambo la golide linawatengera nthawi yaitali, chifukwa kamwala kalikonse ankakapendeketsa pang'ono, kena uku kena uko, kuti kuwala kukalowa pazenera khoma lizichita waliwali. Anamaliza thambo. Anamaliza mitengo ya m'mbali. Pakati panatsala malo a Mbusa mwini wake, atangolembedwa ndi makala.

Tsiku lina m'mawa akupita ku ntchito, kunja kuli ngwee, Yufemiya anati, "Nkhungu ya lero yachedwa kuchoka, eti?"

Agapito anayang'ana kumwamba. Kunalibe ngakhale kamtambo. Anamugwira mkazi wake chibwano n'kumutembenuzira kudzuwa, ndipo m'maso onse awiri anaona koyera, ngati dontho la mkaka lagwera m'madzi. Inali ng'ala. Anapita kwa odziwa mankhwala, uyu n'kuyesa zake, uyo n'kuyesa zake. Womaliza anawauza mosabisa kuti nkhunguyo izingokulirakulira mpaka kudzada, ndipo tsiku lake palibe angalidziwe.

Mtima wa Agapito unasweka. Chimene chinamuwawa koposa chinali lonjezo lija la pakhomo. Mayi amene anasankha kamwala kalikonse ka thambo lonse lija, adzalephere kumuona Mbusa? Anati ayi, zimenezo sizichitika iye ali moyo. Anaganiza zinthu ziwiri, ndipo zonse ziwiri anaziganiza chifukwa cha chikondi. Mumve bwino pamenepa, musathamangire kumuweruza.

Choyamba, anamuletsa mkazi wake kukwera nsanja. Anati, "Mungaphonye makwerero, mayi, n'kundigwera. Komanso timiyala timatopetsa maso. Khalani pansi, musunge masowo kuti adzaone tsiku lalikulu." Ngati kuti maso ndi mchere woti ukausunga m'chigubu sutha! Yufemiya anayesa kukana, koma ataona nkhope ya mwamuna wake anangoti, "Chabwino, bambo."

Chachiwiri, anapita kwa mlamu wake n'kumuuza kuti akande matope ochuluka, odzaza chomwera ng'ombe.

Mlamuyo anaimika khasu n'kumuyang'ana. "Alamu, matope onsewo ndi a phwando la yani? Kapena mwamera manja ena usiku wathawu?"

"Kandani, alamu. Nthawi yatithera."

"Ine ndikanda, poti kukanda ndiyo ntchito yanga. Koma khomali silikudziwa kuti mlongo wanga akudwala maso. Liuma monga limaumira masiku onse."

Lamulo lija Agapito ankalidziwa kuposa wina aliyense mumzindamo, ndipo anali atakalipirapo anthu ambiri chifukwa cholithyola. Koma tsiku limenelo anamata mutu wonse wa Mbusa, khosi ndi phewa, malo oti akanagwira sabata yathunthu. Anayamba kubaya timiyala mothamanga, akudzisankhira yekha m'timbale. Pofika masana m'mphepete munayamba kuuma. Anawaza madzi. Anapachika nsanza zonyowa. Pofika madzulo chala chinkalephera kulowetsa kamwala, ndiye anayamba kukhomerera ndi mpini wa hamala. Timiyala tinalowa, inde. Tinaoneka ngati tagwira.

Mawa lake anachitanso chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Masana aliwonse Yufemiya ankabwera ndi chakudya, akuyenda chogwira khoma, n'kuima pansi pa nsanja.

"Bambo, tsikani mudye."

"Ikani pomwepo, mayi. Matope akuuma."

Mayiyo ankaika mbale pansi n'kukakhala pakhomo paja, manja ali pamiyendo. Ankakhala mpaka dzuwa kupendeka, akumvera kugogoda kwa pamwamba. Buledi ankauma m'mbale. Madzulo Agapito ankatsika ali mbuu ndi njereza, maso ali psuu, n'kufika kunyumba osatha ngakhale kucheza. M'mawa mkazi wake asanadzuke, iye wapita kale.

Koma ntchito inathamanga, abale! Nkhope inatha, kamwana ka nkhosa kanatha, manja, mkanjo mpaka m'mawondo. Ntchito ya chilimwe chonse inatha mwezi usanathe. Anthu odutsa ankasuzumira n'kumati mkuluyu wabwerera unyamata. Mlamu yekha ndiye ankakanda ali chete, ndipo munthu wapakamwa akakhala chete pamakhala nkhani.

Mapazi asanawayambe, Agapito analephera kudikira. Anaona kuti koyera kaja m'maso mwa mkazi wake kakukula. Tsiku lina m'mawa dzuwa litalowa bwino pazenera, anauza mlamu wake kuti achotse matabwa a pamwamba, kuti Mbusa aonekere pansi. Anamugwira Yufemiya padzanja n'kumuimika pakhomo, pamalo pomwe paja.

"Kwezani maso, mayi. Suyo Mbusa wanu."

Yufemiya anakweza maso.

Pamwamba paja mlamu anakoka thabwa lomaliza, ndipo nsonga yake inagunda khoma. Sikunali kugunda kwamphamvu ayi. Khoma lomatidwa bwino silikanamva n'komwe. Koma kunamveka kamwala kamodzi kakugwa pansi, n'kudumpha, n'kugubuduka. Kenaka kena. Kenaka tinayamba kuwayawaya ngati matalala padenga. Tsaya la Mbusa linayoyoka. Diso limodzi linapita. Kamwana ka nkhosa kanatsala mutu wokha, ndipo pachifuwa panatseguka chigamba chotuwa. Timiyala tinangoti mbwee pansi ponse, mpaka tina kufika kumapazi kwa awiriwo.

Agapito anakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kulira ngati mwana. Mwamuna wamkulu, wandevu zaimvi. Anati, "Ndakulakwirani, mayi. Ndimafuna mumuone maso asanatseke. Tsopano ndawononga, ndipo nthawi yoyambiranso palibe."

Yufemiya anagwada n'kupapasa pansi. Anatola kamwala kamodzi n'kukayandikiza kudiso, pafupi zedi, n'kukatembenuza.

"Aka kanali ka patsaya?"

"Eya."

"Kafiiritsa. Mbusa ameneyu akanaoneka ngati wamwa vinyo. Mukanatenga ka m'kambale kakumanzere."

Agapito anasiya kulira n'kumuyang'ana. Mayiyo anakhala pansi pambali pake.

"Bambo, ndikuuzeni zoona. Ngakhale timiyalati tikanapanda kugwa, ine sindikanaona kanthu. Pamene munati kwezani maso, ndinangoona chikasu, ngati dzuwa lili kuseri kwa utsi. Kuonera patali kunandithawa kalekale, musananditsitse n'komwe pansanja."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinkabwera masana aliwonse kudzakuuzani. Munkati ikani pomwepo."

Kenaka anatambasula mkono wake kutsogolo. "Panditsalira ndi apa, pamene pafika dzanja langa. Malo ngati lichero ndikuwaona. Kamwala aka ndikukaona, ndi mtundu wake womwe. Nkhope yanu, mukayandikira, ndikuiona bwinobwino. Koma mwezi wonsewu simunayandikire."

Mawu amenewo anamulasa Agapito kuposa kugwa kwa khoma. Iye ankathamangira kumupatsa mkazi wake chinthu chakutali chimene mayiyo anali atataya kale. Chapafupi chimene anali nachobe, ndicho iye anamulanda. Ndipo masiku amene anapita aja anali masiku a maso abwinoko, osadzabweranso.

Agapito anadzuka, anatenga tchizulo ndi hamala, n'kuuza mlamu wake kuti abwezere matabwa. Anakwera n'kuyamba kugumula Mbusa yense, kuyambira kutsitsi.

Mlamu anakuwa ali pansi. "Alamu, mwapenga? Dzanja lamanjalo lagwira bwinobwino, lisiyeni!"

"Lagwira lero, alamu. Lidzagwera mwana wa munthu pamutu ife titapita."

Anagumula zonse zimene anakhomerera pouma, osasiyako ngakhale pamene pankaoneka bwino. Anasesa timiyala n'kutiika m'madengu, ndipo Yufemiya anatitsuka ndi madzi n'kutibwezera m'timbale, kalikonse kwa anzake. Mlamu anakhoma mitengo yotchinga m'mphepete mwa nsanja, n'kumanga chingwe chogwira m'mbali mwa makwerero. Pakamwa pake panatsegukanso, ndipo tsiku lonse ankang'ung'udza kuti iye ananena, anthu samva, koma ankang'ung'udza akumwetulira.

M'mawa mwake Agapito anati, "Alamu, kandani a m'kambale aka."

Mlamu anayang'ana kambaleko n'kuti, "Ehee! Tsopano mwadzuka."

Yufemiya anakwera patsogolo, mwamuna wake pambuyo, akumugwira chidendene n'kuchiika pa thabwa lililonse. Atafika pamwamba mayiyo anakhala pamalo pake, timbale tili momuzungulira, n'kupuma mpweya wautali. Agapito anamata malo ngati lichero basi.

"Tiyambire pati, mayi?"

"Kumaso. Sindikudziwa kuti ndatsala ndi masiku angati, ndiye tiyambire kumaso."

Tsiku limenelo anapanga diso limodzi ndi chikope chake. Diso limodzi, tsiku lathunthu! Yufemiya ankayandikiza nkhope yake mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza matope. Ankati apa payikeni kakuda, apa kabulawuni, ndipo pakona apa kamodzi koyera, kuti diso likhale lonyowa ngati la munthu wachifundo. Dzuwa litafika paliwombo anaika zida pansi n'kudya, miyendo ili lende. Anakangana za kamwala kena kamene mayiyo ankati kapendekeka. Agapito anakana, anakana, kenaka anakazula n'kukaikanso, poti kanalidi kopendekeka.

Masiku anayenda chomwecho. Diso lachiwiri. Mphuno. Pakamwa, pamene anachedwapo chifukwa Yufemiya ankati Mbusa asaoneke wokwiya, komanso asaoneke ngati akuseka anthu. Kenaka kamwana ka nkhosa. M'khutu mwake mayiyo anaikamo yekha kamwala kofiirira, ndi chala chake, ngakhale ankadziwa kuti munthu woima pansi sadzakaona.

Akuluakulu a mpingo anabwera kudzafunsa. Anati, "Amisiri, paja munali pafupi kumaliza. Tsopano tikuona mutu wokha. Zitha liti?"

Agapito anati, "Za lero tamaliza, akuluakulu. Za mawa tikanda mawa."

Anapukusa mitu n'kumapita. Koma mmodzi wa iwo anakwera makwerero kuti adzionere yekha, ndipo ataona maso a Mbusa pafupi anatsika. Kuyambira tsiku limenelo sanawavutitsenso.

Nkhungu ija sinaleke kukula. Sindikunamizani kuti kunachitika chozizwitsa ayi. Poyamba Yufemiya ankaona malo ngati lichero. Pamene ankapanga manja a Mbusa, ankaona ngati mbale. Pamene anafika pa lamba wa m'chiuno, ankaona ngati chikhatho, ndipo Agapito ankamuyendetsa pang'onopang'ono kuti aone ntchito ya tsikulo chigawochigawo matope asanaume. Madzulo aliwonse asanatsike, mayiyo ankagwira mutu wa mwamuna wake ndi manja awiri n'kuuyandikiza. Ankati, "Taimani, ndione khoma langa lina ili." Ankamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumuuza kuti ali ndi njereza pamphuno.

Atafika kumpendero wa mkanjo, m'mawa wina Yufemiya anatola kamwala, anakayandikiza kudiso, n'kukabwezera m'kambale.

"Kwada, bambo."

Analira onse awiri pansanja pomwepo, ndipo mlamu pansi anasiya kukanda. Patapita kanthawi mayiyo anapukuta misozi n'kuti, "Matope mwamata kale?"

"Ndamata."

"Ndiye akuuma. Ndiikireni timbale monga mwa masiku onse, tobiriwira kumanja, toyera kumanzere. Manja akudziwa njira."

Sanasiye kukwera. Mapazi a Mbusa, udzu ndi maluwa anazipanga mayiyo ali mumdima, akupereka timiyala ndi chizolowezi cha manja. Mtundu ankasankha ndi Agapito tsopano, ndipo ankamuuza mkazi wake kalikonse kamene waika. Madzulo mayiyo ankayendetsa zala pa ntchito ya tsikulo, mopepuka, n'kupezabe kamwala kotumphuka koti akonze. Masana ankadya limodzi.

Tsiku lochotsa nsanja linafika. Mzinda wonse unakhamukira kutchalitchi. Thabwa lomaliza litatsika, dzuwa linalowa pazenera n'kugunda khoma lija, ndipo golide yense anayaka. Pakati pake panaima Mbusa, kamwana ka nkhosa pamapewa, maso ake akuyang'ana aliyense wolowa, kaya waima kumanja kaya kumanzere. Anthu anangoti kukamwa yasa. Ena anagwada osauzidwa. Palibe kamwala kanagwa.

Agapito ndi Yufemiya anaima pakhomo, pamalo paja analonjezana, atagwirana mkono. Mayi wina woyandikana nawo nyumba anabwera n'kumugwira Yufemiya paphewa, misozi ili m'maso.

"Pepani, anzanga. Ntchito yonseyi, zaka zonsezi, inu osamuona Mbusa. Zikundimvetsa chisoni."

Yufemiya anaseka. "Musandilire, anzanga. Ine ndinamuona. Ndinamuona diso ili tsiku lake, diso linalo tsiku lake. Ndikudziwa pamene pali kamwala kamene kamanyowetsa diso lakumanja. M'khutu mwa kankhosako muli kofiirira, inu simungakaone muli pansi pano, koma kalimo. Mapazi okha ndiwo anandipita."

Kenaka anatembenukira kwa mwamuna wake. "Bambo, mapaziwo akuoneka bwanji kuchokera pano?"

Agapito anayang'ana. "Akuoneka ngati akubwera kuno, mayi."

"Basi, ndiye tinakhoza." Anamukoka mkono. "Dzuwa lafika paliwombo, ndikulimva pamutu. Tiyeni tikadye."

Fanizo lathera pamenepo, abale anga.

Ndikudziwa kuti muno muli amisiri ambiri, ngakhale ena simunagwirepo njerwa. Aliyense ali ndi khoma lake lalikulu limene akumangira munthu amene amamukonda. Tikadzamaliza nyumba. Ana akadzamaliza sukulu. Ndikadzapuma pantchito, mayi, tidzakhala pansi n'kucheza. Si zoipa zimenezo, khomalo mangani ndithu. Koma mwamata malo aakulu kuposa manja anu, ndipo mukuthamanga ndi matope akuuma. Pansi pa nsanja yanu pali munthu waima ndi mbale. Kaya ndi akazi anu, kaya ndi amuna anu, kaya ndi mayi anu okalamba, kaya ndi mwana amene akukula inu mutayang'ana kukhoma. Mwamuuza kangati kuti ikani pomwepo?

Simukudziwa kuti maso ake atsala ndi masiku angati, ndipo anu omwe simukuwadziwa. Mwina khoma lanu lonselo sadzaliona. Chimene angaone lero ndi pamene pafika dzanja lake. Ndiye mukatuluka muno, kandani a m'kambale. Matani pongokwanira lero, mumuitane akhale pambali panu, ndipo muyandikire kuti akuoneni nkhope kukadali kowala.